Momwe mungayezere plasma yotuluka kumbuyo kwa Hall thruster

Ma injini a magetsi omwe amakankha ma setilaiti mumlengalenga, monga mtundu wotchedwa Hall thruster, satulutsa lawi la moto ngati roketi ija imanyamuka pansi ndi chiphokoso ayi, iwowa amatulutsa plasma, ndiye kuti mpweya womwe maatomu ake alandidwa ma electron nkusanduka ma ion, kenako magetsi amawathamangitsa ma ion wo mpaka makilomita 15 kapena 20 pa sekondi imodzi. Kumbuyo kwa injini kumaoneka mchira wowala wa buluu, a mu lab amangoti plume. Mchira umenewu ndi umene tikuyeza pano, chifukwa ukamwazika kwambiri umadya pang'onopang'ono ma solar panel ndi ma antenna a setilaiti yomweyo, komanso ion iliyonse yothawira cham'mbali yadya magetsi ndi xenon, mpweya womwe injini imamwa, koma chombo sinachikankhe mokwanira.

Nditenga SPT-100 ngati chitsanzo poti ndi injini imene yayezedwa ndi anthu ambiri ndipo manambala ake ndi odziwika. Ndi Hall thruster yopangidwa ndi OKB Fakel ku Kaliningrad, Russia, imayenda pa 300 V ndi 4.5 A, mphamvu yonse 1.35 kW, imamwa xenon pafupifupi mamiligalamu 5 pa sekondi nkumakankha ndi 83 mN, komwe ndi kulemera kosafika mapepala awiri a A4. Mtundu wa injini zimenezi unakwera koyamba pa setilaiti ya Meteor ya Soviet Union mu December 1971, lero chombo cha NASA cha Psyche chomwe chinanyamuka mu October 2023 chikuyenda ndi SPT-140, ndipo ma setilaiti a Starlink nawo ali ndi ma Hall thruster, poyamba a krypton kenako a argon. Njira zomwe ndilembe apa zimagwiranso pa ma ion engine a ma gridi ngati NSTAR ya pa Deep Space 1 ndi Dawn, kungoti voteji yake ndi yokwera, imadutsa 1000 V.

Chinthu chimodzi chokha musunge m'mutu musanagwire waya aliyense: pansi pano simungayeze injini payokha, nthawi zonse mukuyeza injini pamodzi ndi tanki yomwe mwaiikamo, ndipo ntchito yaikulu ndi kuchotsamo gawo la tankiyo.

Gawo loyamba: yambani ndi tanki

Injini imayakira mu tanki ya vacuum yomwe mapampu akoka mpweya wonse. Matanki ake ndi aakulu ndithu, ya ku University of Michigan ndi mamita 6 m'mimba mwake ndi mamita 9 kutalika, VF-5 ya ku NASA Glenn ku Cleveland imapitirira mamita 18 kutalika, ndipo DLR ili ndi yake ku Göttingen ku Germany. Mkatimo muli mbale zozizira koopsa, pansi pa 50 K (pafupifupi -223 °C), xenon ikangokhudza imaundana nkukakamira pompo. Koma injini ikamalavula mamiligalamu 5 sekondi iliyonse mapampu sangamalize yonse, nde mumatsala xenon yongoyendayenda mu tanki, ndipo imeneyo ndi imene imasokoneza zonse.

Imasokoneza chonchi. Ion yothamanga ikadutsa pafupi ndi atomu ya xenon yongoyendayendayo imatha kuilanda electron, yothamanga ija nkukhala atomu wamba yomwe probe yanu, chida choyezera plasma, singaione, yochedwa ija nkusanduka ion yomwe magetsi a mu plasma amaikankhira cham'mbali. Amazitcha charge exchange, mwachidule CEX. Tiwerengere pang'ono kuti muone kukula kwa vutoli: pa presha ya 1×10^-5 Torr muli maatomu pafupifupi 3×10^17 mu kiyubiki mita iliyonse, ndipo ion ya 300 eV imayenda mamita pafupifupi 6 isanasinthane ndi atomu ina, kutanthauza kuti pofika mita imodzi kuchoka pa injini ma ion 16 pa 100 aliwonse asintha kale. Presha ikakwera kufika 5×10^-5 Torr, opitirira theka asintha. Mumlengalenga mulibe xenon yotsalira ya mu tanki imeneyi. Nde mukaona gilafu ya plume yopanda presha yolembedwa pambali, musaikhulupirire msanga.

Ikani ion gauge, chida choyezera presha, pafupi ndi injini, molingana ndi pakamwa pake koma cham'mbali kunja kwa mchira, osati pa khoma lakutali pafupi ndi mapampu pomwe presha imaoneka yabwino kuposa momwe ilili. Ma gauge ambiri amabwera atachunidwa pa nitrogen, nde nambala yomwe mwawerenga muchotseko presha yomwe tanki inali nayo injini isanayambe kumwa, chotsalacho mugawe ndi 2.87 kuti chikhale cha xenon. Ambiri amaiwala 2.87 ameneyu kapena kugawa kawiri, lembani pa pepala lanu ngati nambalayo ndi ya nitrogen kapena ya xenon. Kumapeto kwa tanki komwe mchira ukumenya ikaniko mbale za graphite chifukwa graphite siperepeseka msanga ngati chitsulo, apo ayi tizidutswa ta khoma tibwerera nkukuta injini ndi ma probe anu.

Gawo lachiwiri: kukonza mkono ndi kutenthetsa injini

Ma probe amakwera pa mkono wozungulira ndi mota, ndipo pozungulira pake pakhale pansi penipeni pa pakati pa kamwa ya injini. Gwiritsani laser yolozera ndi chingwe cholendewera kuti mutsimikize, chitani tanki isanatsekedwe, mukatseka ndi kupopa ndiye kuti mwataya tsiku ngati mwaphonya. Probe ikapendekeka madigiri awiri okha muona mbali imodzi ya gilafu yakwera kuposa inzake ndipo muyamba kuinamizira injini. Mkonowo muukute ndi graphite yopyapyala kapena Kapton, mawaya onse akhale a coaxial ndipo muyese ndi mita kuti palibe yemwe akukhudza tanki.

Mukayatsa musathamangire kuyeza. Khoma la ngalande ya injini, momwe plasma imatulukira, ndi la boron nitride, limamwa chinyezi likakhala panja, ndiye poyaka koyamba kalenti imakwera nkumatsika pang'onopang'ono mpaka chinyezi chonse chitatuluka. Dikirani ola kapena maola angapo mpaka kalenti ya discharge, yomwe injini imakoka ikamayaka, ndi kutentha kwa injini zitakhazikika. Lumikizani oscilloscope muziona kugwedezeka kwa kalenti, Hall thruster imapuma yokha pa 10 mpaka 30 kHz ndipo kapumidweko kakasintha mwadzidzidzi mchira nawo wasintha, zomwe mwayeza isanasinthe ndi itasintha musaziphatikize. Lembaninso voteji ya pakati pa cathode, kachida ka injini kotulutsa ma electron, ndi tanki, kawirikawiri imakhala -10 mpaka -20 V, tidzaifuna kutsogoloku. Ndipo chonde 300 V ya DC imapha, nitrogen yamadzi yoziziritsira tanki ikatayikira mchipinda chotseka imathamangitsa oxygen popanda fungo lililonse, munthu asagwire yekha ntchito imeneyi.

Gawo lachitatu: Faraday probe, apa ndiye pagona nkhani

Mukanakhala kuti muli ndi ndalama ya probe imodzi yokha ine ndinganene iyi. Ndi kambale kachitsulo kozungulira, ka molybdenum kapena kokutidwa ndi tungsten, mwina sentimita imodzi kapena ziwiri m'mimba mwake, kozingidwa ndi mphete yomwe sikukhudzana nako. Zonse ziwiri mumazipatsa voteji yofanana ya negetivu, -20 kapena -30 V poyerekeza ndi tanki, kuti ma electron abwerere ma ion okha alowe. Mphete ija ntchito yake ndi yoti magetsi a pamwamba pa kambale akhale osalala, apo ayi m'mphepete mwa kambale mumakoka ma ion ochedwa ochuluka kuposa kukula kwake kwenikweni. Mumawerenga kalenti ya kambale kokha, ya mphete ayi.

Musangotengera -30 V chifukwa mnzanu anagwiritsa imeneyo. Imikani probe pakati pa mchira, kenako pa madigiri 45, kenako pa 90, paliponse sinthani voteji kuchoka pa 0 kutsika mpaka -40 V kapena kupitirira, muone pomwe kalenti yasiya kusintha, voteji yanu mutenge pamenepo. Cham'mbali mudzaona kuti siima bwinobwino, imangokwerabe pang'ono, ndi ma ion ochedwa a CEX amenewo omwe akukokeka mosavuta.

Kenako zungulirani madigiri 180 onse, kuchoka mbali ina ya injini kudutsa pakati kukafika mbali inayo, digiri imodzi imodzi kapena mochepera pafupi ndi pakati pomwe kalenti imasintha msanga, ndipo mubwererenso njira yomweyo kuti muone ngati kupita ndi kubwera zikufanana, zikasiyana ndiye kuti probe ikutentha kapena mota ikudumpha. Kalenti mugawe ndi kukula kwa kambale, chomwe mupeze ndi chomwe tizichitcha j, koma pa kukulako muonjezeko kagawo ka mpata wa pakati pa kambale ndi mphete poti ma ion ogwera mumpatamo ena amatera m'mbali mwa kambale. Palinso ma electron omwe amathothoka pa chitsulo ion ikamenya, mita imawawerenga ngati ma ion oonjezera, pa molybdenum ndi Xe+, ion ya xenon ya chaji imodzi, ndi pafupifupi 2 pa 100, zochepa koma zichotseni.

Gilafu muijambule pa sikelo ya log, chifukwa pakati ndi m'mbali zimasiyana ka 100 kapena ka 1000. Mukakhala pafupi kwambiri muona nsonga ziwiri m'malo mwa imodzi poti plasma ikutuluka mu ngalande yozungulira osati pa kabowo kamodzi, nde kuti masamu a point source, oyesa ngati mchira wonse ukuchokera pa kadontho kamodzi, agwire khalani kutali kuposa ka 4 m'mimba mwa ngalandeyo. SPT-100 ngalande yake ndi mamilimita 100, ndiye theka la mita, masentimita 75 ndi mita imodzi ndi mitunda yabwino.

Masamu ake si ovuta. Kalenti yonse ya mchira ndi 2πR² kuchulukitsa ndi integral ya j(θ) sin θ kuchoka pakati mpaka madigiri 90, pomwe R ndi mtunda wa probe kuchoka pa injini ndipo θ ndi ngodya kuchoka pakati pa mchira, chitani mbali iliyonse payokha kenako mutenge avereji. Bwerezani mutaonjezamo cos θ mupeza kalenti yolunjika kumbuyo, ndipo yolunjikayo mukaigawa ndi yonse ija mwapeza cos ya ngodya ya kumwazika. Samalani apa, pali matanthauzo awiri omwe anthu amasakaniza, ena akati SPT-100 imamwazika madigiri 45 akunena ngodya yomwe mkati mwake muli pafupifupi kalenti yonse, pomwe ngodya ya cos ija imatuluka yocheperapo, cha m'ma 20. Nenani kuti yanu ndi iti. Onaninso sin θ uja, pa madigiri 80 ndi wamkulu pomwe pakati ndi ziro, kutanthauza kuti kalenti yochepa ya m'mbali, yomwe yambiri ndi ya tanki, imalemera kwambiri mu integral. Nchifukwa chake anthu amapeza kalenti ya mchira yoposa ya discharge, zomwe sizingatheke. Yoona imakhala pa 70 mpaka 80 pa 100 ya discharge.

Mankhwala ake ndi awa, ndipo ndi gawo lomwe ambiri amalidumpha chifukwa limadya nthawi ndi xenon yodula. Bwerezani kuzungulira konse kuja pa ma presha osiyana, osachepera atatu kapena anayi, pothira xenon yoonjezera mu tanki kudzera pa paipi ina kutali ndi injini. Pa ngodya iliyonse jambulani j motsatana ndi presha, mfundozo zimakhala pafupifupi pa mzere woongoka, mzerewo muupitirize mpaka pa presha ya ziro. M'mbali muona j imakwera presha ikakwera. Chitani pa mitunda yonse, ndipo mukakonza bwino kalenti yonse ya mchira iyenera kutuluka yofanana pa mtunda uliwonse poti ma ion sabadwa panjira. Njira imeneyi ili mu malangizo omwe akatswiri a ntchitoyi anasindikiza mu Journal of Propulsion and Power mu 2017.

Gawo lachinayi: Langmuir ndi emissive probe

Izi mwachangu. Langmuir probe, dzina lochokera kwa Irving Langmuir yemwe anaiyambitsa m'ma 1920, ndi kawaya ka tungsten kosuzumira kunja kwa kachubu ka alumina. Mumasintha voteji kuchoka ku negetivu kupita ku pozitivu nkumawerenga kalenti, mbali ya ma electron muijambule pa log, kutsetsereka kwa mzere woongokawo kukupatsani kutentha kwa ma electron, kutali ndi injini kumakhala 1 mpaka 3 eV. Kawayako kakada ndi kaboni wa pa graphite uja gilafu imapindika, kayeretseni pokapatsa voteji yokwera kuti katenthe. Emissive probe ndi kawaya kopinda ka tungsten komwe mumakatenthetsa mpaka kayambe kutulutsa ma electron, kakafika potentha mokwanira voteji yake imayandama pafupi ndi ya plasma. Chomwe tikufuna kwenikweni apa ndi voteji ya plasma pamalo enieni pomwe RPA (retarding potential analyzer), chida choyezera mphamvu ya ma ion, ikakhale.

Gawo lachisanu: RPA, mphamvu ya ma ion

RPA ndi kachitini kokhala ndi ma gridi atatu kapena anayi otsatizana, kambale kowerengera kali kumapeto. Gridi yoyamba imangoyandama, osalumikizidwa ku voteji iliyonse, kuti ichepetse plasma yolowa, yachiwiri ili pa -30 V kubweza ma electron, yachitatu ndi yomwe mumaikweza pang'onopang'ono kuchoka pa 0 mpaka kupitirira voteji ya discharge, pa injini ya 300 V pitani mpaka 450 kapena 500 V. Ion yomwe mphamvu yake yachepera voteji ya gridi imabwerera, ndiye kalenti imayamba yokwera nkudzagwa. Salazani gilafuyo pang'ono musanatenge -dI/dV, kutsetsereka kwa kalenti voteji ikamakwera, popanda kutero phokoso likwirira chilichonse, koma mukasalaza mopyola nsonga imafutukuka nkuoneka ngati injini ndi yoipa.

Nsonga yomwe mwapeza ikuyerekezedwa ndi tanki, nde chotsanipo voteji ya plasma ija kuti mupeze voteji yeniyeni yomwe inathamangitsa ma ion. Pa 300 V mupeza cha m'ma 260 mpaka 280, yotsalayo yapita pokoka ma electron kuchoka ku cathode ndi pa ma ion omwe anabadwira kunja pang'ono. Pakati penipeni pa mchira plasma ndi yothithikana moti imatha kutsekereza ma gridi, kalenti nkumakana kufika ziro, zikatero sunthirani probe kutali kapena chepetsani kabowo kolowera, ndipo isakhalitse pamenepo ma gridi ndi opyapyala amapindika ndi kutentha. Musalekere pakati pokha, pitani pa madigiri 30, 60 ndi 90. M'mbalimo muona nsonga yotsika ya ma volt makumi ochepa, amenewo ndi a CEX, komanso ma ion a mphamvu yapakatikati omwe anagundana ndi maatomu nkupatuka, ndipo kwa wopanga setilaiti amenewa ndi omwe amamudetsa nkhawa chifukwa ali ndi mphamvu yokwanira kuperepesa galasi la solar panel pa ngodya zomwe iye amaganiza kuti kulibe vuto.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: E×B probe

RPA ili ndi chilema chimodzi, imayeza mphamvu yogawidwa ndi chaji, ndiye Xe+ ndi Xe2+, ion ya chaji ziwiri, zomwe zadutsa pa voteji imodzi zimaoneka chimodzimodzi. Kuti muzisiyanitse mufunika E×B probe, ena amati Wien filter. Ma ion amalowa pa kachubu kopapatiza nkufika pomwe pali maginito osatha ndi mbale ziwiri za voteji zopingasana nawo, ndipo odutsa moongoka ndi okhawo omwe liwiro lawo ndi E, mphamvu ya magetsi a pakati pa mbalezo, kugawa ndi B, mphamvu ya maginito. Xe+ pa 300 V singapose makilomita 21 pa sekondi, Xe2+ imathamanga ka 1.41, Xe3+ ka 1.73, nde mukamakweza voteji ya mbale nsonga zimatuluka motsatana pa mipata imeneyi, zikapanda kutero yang'anani kaye ngati probe yalunjika. Kalenti yake ndi ya ma nanoampere kapena kucheperapo, mufunika picoammeter ndi mawaya otchingidwa bwino. Werengerani malo a pansi pa nsonga iliyonse osati kutalika kwake kokha, poti zimafutukuka mosiyana ndipo zimalowerana. Apanso tanki yalowererapo, Xe+ imataya chaji panjira mosavuta kuposa Xe2+, ndiye mukapanda kukonza ndi presha ndi mtunda mudzanena kuti ma ion a chaji ziwiri ndi ambiri kuposa momwe aliri.

Pafupi ndi kamwa ya injini

Ma probe onsewa ndi a kutali. Mukalowetsa chitsulo mkati mwa ngalande chimapsa komanso chimasintha plasma yomwe mukuyeza, mudzaona kalenti ya discharge ikudumpha probe ikangolowa. Kumeneko ma lab omwe ali ndi zida amagwiritsa laser, njira ya LIF (laser-induced fluorescence), kuwala kwa 834.7 nm kumadzutsa Xe+ ndipo iyo imawala pa 541.9 nm, kusuntha kwa Doppler nkukuuzani liwiro pa kadontho kalikonse popanda kukhudza kanthu. Ndi yodula koma ndi imene inaonetsa bwino kuti gawo lina la kuthamangitsa ma ion limachitikira kunja kwa ngalande, ndiponso kuti malo amenewo amasuntha presha ya tanki ikasintha.

Gawo lomaliza: manambala agwirizane

Tsopano phatikizani zonse muone ngati zikubweza thrust, mphamvu yokankha, yomwe sikelo ya thrust inayeza. Pa xenon, thrust mu mN ndi 1.65 kuchulukitsa ndi kalenti ya mchira kuchulukitsanso ndi square root ya voteji yothamangitsa. Tiyerekeze mwapeza 3.3 A ku Faraday ndi 270 V ku RPA, zikupatsani pafupifupi 89 mN, chulukitsani ndi cos ya kumwazika, tinene 0.93, ndi kukonza kwa ma ion a chaji zambiri kochokera ku E×B, tinene 0.97, mwafika cha pa 81 mN, pafupi ndi 83 ya SPT-100. Mukapeza 100 musasangalale kuti injini yanu ndi yamphamvu, bwererani ku m'mbali mwa gilafu ya Faraday, kawirikawiri vuto limakhala kumeneko.

Ngakhale zitagwirizana chonchi, chomwe mwapeza ndi kuyerekeza kwabwino kwa zomwe zidzachitike mumlengalenga basi. Ma setilaiti a Russia a Express-A omwe anakwera mu 2000 ananyamula ma probe oyeza mchira wa SPT-100 ali komweko ndipo zomwe anapeza cham'mbali sizinafanane ndi za m'matanki, Deep Space 1 inanyamula zida zake zoyezera, SMART-1 ya ESA yomwe inanyamuka mu 2003 kupita ku mwezi ndi PPS-1350 inalinso ndi RPA ndi Langmuir probe. Khoma la tanki ndi chitsulo, ma electron ena amadutsiramo ngati njira yachidule yobwerera, chinthu chomwe kupitiriza mzere wa presha mpaka ziro sikungachotse. Nde pa gilafu iliyonse yomwe mutulutse lembanipo presha ya xenon ndi pomwe gauge inali, kukula kwa tanki, mtunda wa probe, voteji ya kambale, voteji ya cathode poyerekeza ndi tanki, ngati thupi la injini linalumikizidwa ku tanki, ku cathode kapena limangoyandama, ndi maola omwe injini inali itayaka kale, chifukwa ngalande ikamadyeka mchira nawo umasintha.